Dokotala Takashi Nagai wa ku Nagasaki, 1908–1951

Pa 1 Meyi chaka cha 1951, mu mzinda wa Nagasaki ku dziko la Japan, mudamwalira dokotala wa zaka 43, dzina lake Takashi Nagai. Pa mwambo womukumbukira umene mzinda udakonza m'mwezi womwewo padasonkhana anthu ngati 20,000, Akhristu ndi a zipembedzo zina omwe, ndipo mabelu a nyumba zonse zopemphereramo adalira pamodzi. Munthu ameneyu sadali nduna ya boma kapena mkulu wa nkhondo ai. Adali mphunzitsi wa za udokotala, wodziwa ntchito ya makina a X-ray, ndipo zaka zake zomaliza adazitha ali chigonere m'kanyumba kosaposa nkhokwe kukula kwake. Koma pa moyo wake padakomana zinthu ziwiri zazikulu za nthawi imeneyo: nzeru za ophunzira amene adatulukira mphamvu yobisika m'kati mwa atomu, ndi ntchito yodekha ya madokotala amene adawerenga odwala mmodzimmodzi kuti adziwe chimene mphamvuyo imachita m'thupi la munthu.

Ubwana ndi maphunziro

Takashi adabadwa pa 3 Febuluwale 1908 ku Matsue, nakulira ku mudzi wa ku mapiri m'chigawo cha Shimane. Atate ake, a Noboru Nagai, adali dokotala. Agogo ake adali sing'anga wa mankhwala a zitsamba. Banja lao lidali la chipembedzo cha makolo cha ku Japan chotchedwa Shinto. Koma mnyamatayo atafika ku sukulu zapamwamba adataya zonse za mizimu, naganiza kuti munthu ndi mnofu, mafupa ndi magazi basi, ndi kuti akafa zonse zatha. Ndi maganizo amenewa adalowa sukulu ya udokotala ya ku Nagasaki pa chaka cha 1928.

Pa chaka cha 1930 adaitanidwa msanga kwao chifukwa amai ake adadwala mwakayakaya, mtsempha wa m'mutu utaphulika. Adawapeza osatha kulankhula, koma asanatsirizike adamuyang'anitsitsa m'maso. Kuyang'ana kumeneko kudagwedeza zonse zimene iye adazikhulupirira, pakuti adaona ngati kuti amene alikumuyang'anayo sangathere m'manda. Atabwerera ku sukulu adayamba kuwerenga buku la Blaise Pascal, Mfalansa wodziwa masamu amenenso adali Mkhristu wopemphera. Chidamudabwitsa ndi chakuti munthu wa nzeru zotere nkumagwada pamaso pa Mulungu. Tsono adafuna kuona ndi maso ake m'mene Akhristu amakhalira, napempha malo ogona pa banja lina la ku Urakami, dera la kumpoto kwa mzinda.

Akhristu a ku Urakami

Chikhristu chidafika ku Japan ndi Francis Xavier Woyera pa chaka cha 1549. Pa 5 Febuluwale 1597 Akhristu 26 adapachikidwa pa mitanda pa phiri lina la ku Nagasaki, mmodzi wa iwo ndiye Paulo Miki. Pa chaka cha 1614 boma lidaletsa Chikhristu m'dziko lonse, ndipo pomalizira pake simudatsale wansembe ndi mmodzi yemwe. Komabe alimi a ku Urakami adasunga chikhulupiriro mobisa kwa zaka zoposa 200, akubatiza okha ana ao ndi kuphunzitsana mapemphero pakamwa. Pa 17 Malichi 1865 ena a iwo adadziulula kwa Bambo Bernard Petitjean, wansembe wa ku France. Boma litamva lidawagwira, anthu oposa 3,000, niliwabalalitsira ku ndende za kutali kumene mazana angapo adafera. Otsala adabwerera kwao pa chaka cha 1873, ndipo pa 1895 adayamba kumanga ndi manja ao tchalitchi lalikulu la njerwa, limene nsanja zake zidatha pa 1925.

Banja limene lidalandira Takashi lidali la a Sadakichi Moriyama, ogulitsa ng'ombe, amene makolo ao kwa mibadwo 7 adali atsogoleri a Akhristu obisikawo, osunga kalendala ya masiku a chikondwerero. Adali ndi mwana mmodzi wamkazi, Midori, mphunzitsi. Usiku wa Khirisimasi ya 1932 Takashi adapita nao ku Misa kwa nthawi yoyamba. M'mawa mwake Midori adadwala mwadzidzidzi matenda a apendikisi, ndipo Takashi adamubereka ku msana m'chisanu kupita naye ku chipatala, kumene opaleshoni idapulumutsa moyo wake.

Pa chaka cha 1933 adatengedwa ku usilikali ku Manchuria ngati dokotala. Kumeneko adaona zoopsa za nkhondo, ndipo kumenekonso adawerenga katekisimu imene Midori adamutumizira. Atabwerako adabatizidwa m'mwezi wa Juni 1934, natenga dzina la Paulo, ndipo m'mwezi wa Ogasiti adakwatira Midori. Adalowa bungwe la Vincent de Paul Woyera, namayendera odwala osauka m'midzi pa masiku opuma. Mmodzi wa anthu amene adawapima masiku amenewo ndi Bambo Maximilian Kolbe, amene adakhala ku Nagasaki kuyambira 1930 mpaka 1936.

Cheza chochiritsa ndi chopha

Ntchito ya X-ray sadaisankhe yekha. Pa nthawi yomaliza maphunziro ake, pa 1932, adadwala khutu koopsa nagontha mbali ya kumanja. Dokotala wa matenda a m'kati amadalira makutu ake pomvera mtima ndi mapapo a wodwala. Tsono njira imeneyo idatsekeka, ndipo adalowa chigawo cha X-ray, chimene masiku amenewo madokotala anzake adachiyesa chachabe.

Cheza cha X-ray adachitulukira Wilhelm Röntgen ku Germany pa chaka cha 1895. Ndi cheza chosaoneka ndi maso, chimene chimapyoza mnofu koma chimatsekerezedwa ndi mafupa, kotero kuti dokotala atha kuona za m'kati mwa munthu wosamung'amba. Koma cheza chomwechi chikalowa m'thupi kawirikawiri chimaononga maselo, makamaka a m'mafuta a m'mafupa m'mene mumapangidwa magazi. Oyamba kugwira ntchitoyi ambiri adapsa manja, ena adafa ndi khansa. Pa chaka cha 1944 dokotala wina wa ku America, H. C. March, atawerenga imfa za madokotala, adapeza kuti khansa ya m'magazi idalikupha a ntchito ya X-ray kuposa anzao pafupifupi kakhumi.

Nagai adazidziwa zoopsazi. Koma atabwerako ku nkhondo ya ku China, kumene adatumikira kuyambira 1937 mpaka 1940, adapeza chifuwa chachikulu chitafala pakati pa anthu anjala ndi otopa. Matendawa amafuna kuwapeza msanga, ndipo njira yake idali kuunika zifuwa za anthu ambirimbiri. Chifukwa cha nkhondo mafilimu ojambulira adasowa. Tsono iye adaunika odwala poyang'ana yekha pa galasi la makina, ataima m'njira ya cheza maora ambiri tsiku ndi tsiku. M'mwezi wa Juni 1945 anzake adamupima napeza kuti ali ndi khansa ya m'magazi. Maselo oyera, amene mwa munthu wamoyo amakhala pakati pa 4,000 ndi 10,000 m'kadontho koyesera, mwa iye adapitirira 100,000. Adamuuza kuti zamutsalira zaka ngati zitatu. Ambiri amaganiza kuti matenda ake adadza ndi bomba. Koma zoona zake nzakuti adawatenga pa ntchito yake, miyezi iwiri bomba lisanagwe. Atamuuza Midori, mkaziyo adalandira uthengawo ndi pemphero, ndipo onse awiri adayembekeza kuti wotsala ndi ana adzakhala mai.

Mphamvu ya m'kati mwa atomu

Kuti zimene zidatsatira zimveke, nkofunika kubwerera m'mbuyo pang'ono. Chinthu chiri chonse, mwala, madzi, mpweya ndi thupi la munthu, nchopangidwa ndi tinthu tochepetsetsa totchedwa maatomu. Pa chaka cha 1911 Ernest Rutherford adaonetsa kuti pakati pa atomu iri yonse pali kaphata kakang'ono m'mene muli pafupifupi kulemera konse kwa atomuyo. M'kaphatamo muli tinthu ta mitundu iwiri: maprotoni, ndi manyutroni amene James Chadwick adawapeza pa 1932. Funso lovuta lidali ili: maprotoni amakankhana okhaokha, nanga chimawamanga pamodzi nchiani? Amene adayankha ndi Mjapani mnzake wa Nagai, Hideki Yukawa, pa chaka cha 1935. Iyeyu sadagwiritse makina ali onse, koma masamu ndi kuganiza. Adalosera kuti payenera kukhala kanthu kena kosadziwika kamene kamanyamula mphamvu yomangayo, nawerengera kulemera kwake. Kanthuko kadapezeka pa 1947, ndipo pa 1949 Yukawa adakhala Mjapani woyamba kulandira mphotho ya Nobel.

M'mwezi wa Disembala 1938, ku Berlin, Otto Hahn ndi Fritz Strassmann adaomba uranium ndi manyutroni napeza zotsatira zimene sadathe kuzimasulira. Adazimasulira ndi Lise Meitner, mai wophunzira amene adathawira ku Sweden chifukwa cha mtundu wake wa Chiyuda, pamodzi ndi mphwake Otto Frisch. Iwo adaonetsa kuti kaphata ka uranium kadang'ambika pakati, ndi kuti zidutswa ziwirizo zikaikidwa pamodzi zimapepuka pang'ono kuposa kaphata kathunthu. Kulemera kosowako kumasanduka mphamvu, monga m'mene Albert Einstein adawerengera pa 1905. Ndiponso kaphata kali konse kakang'ambika kamatulutsa manyutroni awiri kapena atatu, amene amakang'amba tina, tinato nkung'ambanso tina, monga moto wolusa m'tchire louma. Kuchokera pa zimene zidaoneka ku Berlin kufikira tsiku la Nagasaki sipadapite zaka 7.

Tsiku la 9 Ogasiti 1945

Ndege ya Amereka idanyamuka kuti ikaponye bomba pa mzinda wa Kokura, koma idapeza mzindawo utaphimbika ndi mitambo ndi utsi, nitembenukira ku Nagasaki. Pa mphindi 2 itakwana 11 koloko m'mawa bomba lidaphulika m'mwamba, mamita ngati 500 pamwamba pa Urakami. M'kati mwake mudali makilogramu ngati 6 a plutonium, ndipo imene idang'ambika idali ngati kilogramu imodzi yokha. Koma mphamvu yake idafanana ndi matani 21,000 a onga wa TNT. Tchalitchi lija lidagwa, ndipo mudafera ansembe awiri pamodzi ndi Akhristu amene adadza kudzalapa pokonzekera chikondwerero cha Kukwezedwa kwa Maria Kumwamba. Mwa Akhristu 12,000 a ku Urakami adafa ngati 8,500. Chiwerengero cha mzinda chimati pofika kutha kwa chakacho akufa onse adali 73,884, ovulala 74,909.

Nagai adali m'chipinda chake ku chipatala, mamita ngati 700 kuchokera pamene bomba lidaphulikira. Magalasi adamudula mtsempha wa pa litsipa la kumanja, magazi nkumatuluka osaleka. Adamanga bala lake, nasonkhanitsa anamwino ndi ophunzira otsala, nayamba kutulutsa odwala m'nyumba zoyaka kupita nao ku phiri, kufikira adakomoka. Aphunzitsi, ophunzira ndi antchito a sukulu yake oposa 800 adafa. M'mawa mwake kudapezeka kapepala koponyedwa ndi ndege konena kuti lidali bomba la atomiki. Iye, amene adatsata maphunzirowa kwa zaka zambiri, adagwidwa ndi zinthu ziwiri nthawi imodzi: kuzizwa kuti zimene zidali pa mapepala a ophunzira zachitikadi, ndi chisoni chosaneneka poona chimene anthu adachita nazo.

Adafika kwao pa 11 Ogasiti. Nyumba idali phulusa lokhalokha. Pamene padali khitchini adapeza mafupa a Midori, ndi pambali pake kolona yake itasungunuka ndi moto. Adatola mafupawo m'chidebe nakawaika m'manda. Ana ao awiri, Makoto wa zaka 10 ndi Kayano wa zaka ngati 4, adapulumuka chifukwa masiku apitawo adawatumiza kwa agogo ao ku mapiri.

Kuwerenga odwala

Kuyambira pa 12 Ogasiti mpaka pa 8 Okutobala, masiku 58, iye ndi kagulu kake adakhala ku chigwa cha Mitsuyama, kumene kuli kasupe wodziwika pochiza zilonda za moto. Adayenda nyumba ndi nyumba nasamala odwala 125, opanda mankhwala okwanira. Kumeneko adaona matenda amene sadalembedwe m'buku liri lonse. Anthu opanda bala ndi limodzi lomwe adayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba za magazi; ena patapita masabata adathothoka tsitsi, kutuluka madontho akuda pa khungu ndi magazi m'nkhama, kenaka nkufa. Nagai adazindikira kuti ndi cheza chomwe chija chimene adachidziwa ku makina ake, koma cholandiridwa chonse pa kamphindi kamodzi. Sadakhutire ndi kuchiza kokha. Adalemba za odwalawo, kumene adali pa nthawi ya bomba, zizindikiro zao, chithandizo chimene adalandira ndi m'mene adathera. Lipoti limene adapereka ku sukulu yake ndi limodzi la malipoti oyambirira a dokotala pa matenda a bomba la atomiki.

M'mwezi wa Sepitembala iye mwini adatsala pang'ono kufa, bala lija litatsegukanso. Adalandira masakramenti otsiriza. Pambuyo pake magazi adaleka, ndipo iye adakhulupirira moyo wake wonse kuti adathandizidwa ndi mapemphero a Bambo Kolbe, amene adafera m'ndende ya Auschwitz pa 1941.

Mau ovuta

Pa 23 Novembala 1945 Akhristu otsala adasonkhana pa mabwinja a tchalitchi lao ku Misa ya akufa, ndipo Nagai adasankhidwa kulankhula m'malo mwa mpingo. Masiku amenewo anthu ena mu mzinda adalikunena kuti bomba lidagwera Urakami chifukwa milungu ya dziko idakwiyira Akhristu. Iye adakana kuti akufawo adali otembereredwa. Adawayerekeza ndi nsembe yopsereza, yopanda chilema, yoperekedwa chifukwa cha machimo a nkhondo, nakumbutsa kuti nkhondo idatha pa 15 Ogasiti, tsiku la Amai Maria. Adapempha otsala kuti asabwezere, koma asenze mtanda wao ndi kumanganso mudzi.

Mau amenewa adatonthoza ambiri, koma ena adawapweteka, ndipo kufikira lero ophunzira a ku Japan amatsutsana za iwo. Otsutsa amati kunena za bomba ngati chikonzero cha Mulungu kumapeputsa mlandu wa atsogoleri a Japan amene adayamba nkhondo ndi wa Amereka amene adaponya bombalo, ndiponso kudachititsa ovulala a ku Nagasaki kukhala chete nthawi yaitali. Omuteteza amati adalankhula ngati wamasiye kwa amasiye anzake, osati ngati woweruza milandu ya maiko, ndi kuti m'zolemba zake zonse adadana nayo nkhondo. Pamene Papa John Paul II adacheza ku Hiroshima ndi ku Nagasaki m'mwezi wa Febuluwale 1981, adaphunzitsa poyera kuti nkhondo ndi ntchito ya anthu, ndipo zitatero Akhristu ambiri opulumuka adalimba mtima kufotokoza zimene adaziona.

Kanyumba ka Nyokodo

Nagai adabwerera ku Urakami m'mwezi wa Okutobala 1945 nakhala m'chisakasa cha malata pa bwinja la nyumba yake, pofuna kuonetsa kuti malowo angathe kukhalidwanso. Iye ndi anzake adafukula belu la tchalitchi m'zigumukire, ndipo lidaliranso usiku wa Khirisimasi. Pa 1946 adakwezedwa kukhala profesa, koma m'mwezi wa Julayi adagwa pa siteshoni ya sitima, ndipo posakhalitsa adagona osadzukanso. Pa 1948 Akhristu anzake adamumangira kanyumba ka chipinda chimodzi, kokwana mphasa ziwiri. Adakatcha Nyokodo, dzina lochokera pa lamulo la kukonda mnzako monga udzikonda iwe mwini.

Ali chigonere chagada, atagwira kathabwa pamwamba pa nkhope, adalemba mabuku oposa 10. Lotchuka koposa ndi Nagasaki no Kane, ndiye kuti Belu la ku Nagasaki. Adalimaliza pa 1946, koma akuluakulu a Amereka olamulira Japan adaligwira mpaka Januwale 1949, nalilola pokhapokha ataphatikizako nkhani ya nkhanza za asilikali a Japan ku Manila. Lina adalilembera ana ake, amene adadziwa kuti adzawasiya opanda atate ndi amai. Kapamba wake adatupa kotero kuti anawo adaletsedwa kumukumbatira mwamphamvu kuopa kuti angaphulike. Ndalama za mabuku zambiri adazipereka: adadzalitsa mitengo ya maluwa ngati 1,000 m'dera lopserera, natsegula kanyumba ka mabuku ka ana. Adadzamuona Helen Keller pa 1948. Pa 1949 adakomana ndi Mfumu Hirohito ndiponso Kardinala Gilroy, nthumwi ya Papa Pius XII. Chaka chomwecho mzinda udamulemekeza ngati nzika yake yaulemu yoyamba.

Adapitirira zaka zitatu zija ndi zina pafupifupi zitatu. Thupi lake adalipereka kuti ophunzira alipime atafa, ndipo kapamba wake adalemera makilogramu oposa 3, pamene wa munthu wamoyo safika ndi magalamu 200 omwe.

Zimene chiwerengero chidaonetsa

Ntchito imene iye adaiyamba ndi odwala 125 idakula m'manja mwa ena. Pa 1947 Amereka adakhazikitsa bungwe lofufuza za ovulala ndi bomba, lodziwika ndi malemba akuti ABCC. Opulumuka ambiri adalidandaula chifukwa lidawapima osawachiza. Komabe potsata kalembera wa 1950 padasankhidwa anthu ngati 120,000 a ku Hiroshima ndi ku Nagasaki, ena amene adali pafupi ndi bomba, ena patali, ena kunja kwa mizindayo, kuti atsatidwe moyo wao wonse. Kuyambira 1975 ntchitoyi ikuyendetsedwa ndi Japan ndi America pamodzi. Nzeru yake ndi iyi: poona munthu mmodzi wodwala khansa palibe angadziwe ngati yadza ndi cheza kapena ai, koma poyerekeza magulu akulu, kusiyana kumaoneka. Kuona maso a nkhono nkudekha. Patapita zaka kudadziwika kuti khansa ya m'magazi idayamba kuchuluka zaka ngati ziwiri bomba litagwa, nifika pachimake pakati pa zaka 6 ndi 8. Kuti khansa za ziwalo zina zidadza mochedwa, patapita zaka 10 kapena kuposa. Kuti ngozi imakula molingana ndi kuchuluka kwa cheza chimene munthu adalandira. Ndi kuti ana adali pa ngozi yoposa akulu. Kudadziwikanso chinthu chotonthoza: mwa ana zikwi makumi angapo amene makolo ao adawatenga pathupi bomba litagwa kale, sikudapezeke kuchuluka kwa zilema zobadwa nazo kumene anthu adakuopa, mantha amene adalepheretsa achinyamata ambiri opulumuka kupeza banja.

Malamulo a maiko onse oteteza anthu ku cheza atsamira kwambiri pa chiwerengero chimenechi. Wowerenga amene adapitako ku chipatala kukajambulitsa chifuwa adaona kuti wojambulayo amabisala kuseri kwa khoma, kapena amavala chovala cholemera cha mtovu, ndi kuti makina amayaka kamphindi kochepa chabe. Chitetezo chimenecho Nagai adalibe, ndipo muyeso wake udadziwika kupyolera m'masautso a anthu a mizinda iwiri ija. Tchalitchi la ku Urakami lidamangidwanso pa 1959. Kanyumba ka Nyokodo kakadalipo pa malo ake, ndipo Takashi ndi Midori agona pamodzi ku manda a Sakamoto, kufupi ndi chipatala chimene iye adagwiramo ntchito.